Ulendo wa ku Lusaka wa Ife Awili Tokha

Maganizo oti amuna anga anditenge kupita ku Lusaka kukasangalala sanachokele mumtima mwawo. Ndinene zimenezi poyamba, chifukwa masiku ano akamafotokozela anzawo amayamba ndi mawu akuti "ndinaganiza". Sanaganize iwo. Anaganiza ndi mlendo wina amene anabwela kutchalitchi kwathu ku Petauke kudzaphunzitsa za mabanja, bambo wonenepa bwino wa ku Lusaka, wovala malaya a chitenge chofanana ndi dilesi la akazi ake. Anatiuza kuti banja limafota ngati eni ake sachokapo pakhomo. Anati mwamuna azitenga mkazi wake, awili okha, popanda ana, popanda achibale, apite kumzinda akagone kuhotela, akadye zophika wina, akayang'anane m'maso. Akazi ake ankagwedeza mutu pambali, khungu lili see, zala zosonyeza kuti khasu analiona pachithunzi.

Azibambo ambili anaseka n'kuiwala asanatuluke pageti. Anga sanaseke. Iwo ndi a ku Kasama, anabwela ku Petauke pa nchito ya boma ya zaulimi, ndipo chinthu chikawalowa m'mutu chimakakamila ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe. Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale, kwathu ndi ku Nyampande. Panthawiyo tinali titakhala m'banja zaka zokwanila kubala ana atatu ndi kumaliza nkhani zonse zokambilana. Maulendo akutali amene tinayendapo limodzi onse anali a kumalilo.

Kuyambila sabata imeneyo foni yawo inasanduka ofesi ya zachikondi. Akaweluka kunchito ankakhala pakhonde n'kumandiitana kuti ndidzaone. Ndikusiya mbale m'madzi, kupukuta manja, kupita, n'kupeza chithunzi cha bedi loyela mbee, pamwamba pake mathaulo opindidwa ngati abakha awili ogundanitsa milomo, maluwa ofiila atamwazidwa ponseponse. Ndinafunsa kuti maluwawo amasesa ndani. Anandiyankha kuti vuto langa ndi lomwelo, kuganiza za tsache ngakhale pamalo a chikondi.

Anawelenga penapake kuti mwamuna azidzidzimutsa mkazi wake ndi zinthu zosayembekezela. Ndiye ankandiuzilatu chilichonse chimene adzandidzidzimutse nacho, kuti ndisadzadabwe molakwika. Tidzanyamuka Lachisanu m'mawa pa tchuthi cha sukulu cha mu Ogasiti. Loweluka m'mawa adzatibweletsela chakudya pabedi. Ndinawakumbutsa kuti kwathu wodyela pabedi ndi wodwala, ndipo anthu amabwela kudzamuona. Kenako tidzapita kumashopu aakulu aja okhala ndi masitepe oyenda okha, tidzakwela n'kutsika, tidzaonela kanema, ndipo madzulo tidzadya pa kuwala kwa kandulo. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse chaka chimenecho, ndipo tinali titadya pa kandulo miyezi yambilimbili osadziwa kuti tili pa chikondi.

Koma ndisaname, pang'ono ndi pang'ono nanenso mtima unayamba kupita. Ndinayamba kuganiza za tsiku lodzuka popanda mwana wogogoda pachitseko kufunsa komwe kuli sokosi yake. Ndinagula nsalu yobiliwila n'kupita nayo kwa telala wa pamsika kuti andisokele dilesi. Telalayo, mayi wolankhula mapini ali kukamwa, anafunsa kuti kuli ukwati wa ndani. Ndikanangoti wa msuweni wanga, zikanatha. Koma ndinanyada. Ndinamuuza kuti amuna anga akunditenga ku Lusaka, awili tokha, ndipo ndinamupempha kuti asauze munthu. Analumbila.

Lamulungu lotsatila tauni yonse inali itatifunila kale ulendo wabwino.

Woyamba kufika anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Anati wamva kuti tikupita kukapuma, ndipo ndi zabwino kwambili, Mulungu adalitse, koma poti tikupita komweko, pali kathumba ka nshawa ka mwana wake wa ku Mtendere. Kathumbako anakanyamula amuna awili. Mphunzitsi mnzanga anabweletsa foni yosweka galasi kuti tikaikonzetse m'tauni. Akazi a mkulu wa mpingo anatumiza tambala wamoyo, womangidwa miyendo, wa mlamu wawo amene anali atangotuluka m'chipatala. Wina ankafuna tikamuonele mitengo ya matayala a njinga yamoto. Amuna anga sakana munthu. Amati iwo ndi mlendo m'dziko la eni, ngakhale akhala kuno zaka zoti Chinsenga amachimva mpaka miseche. Aliyense ankamuyankha mwa ulemu wa Chibemba cha kwawo kuti palibe vuto, mukwai, ndipo pofika pakati pa sabata chipinda chochezela chinali ngati depoti.

Ndiye kunabwela amama.

Anatsika pa njinga yamoto kuchokela ku Nyampande atanyamula chikwama cha zovala, osati cha munthu wodzacheza tsiku limodzi. Bondo lawo lakumanzele linali litawavuta kwa nthawi yaitali, ndipo mlongo wanga wamng'ono, amene amakhala ku Lusaka, anali atawaitana kambilimbili kuti akaonane ndi dokotala. Ankakana, ati sangakwele basi okha, angawabele kapena kuwapitiliza. Tsopano anakhala pampando, natambasula mwendo, nanena kuti Mulungu wayankha mapemphelo awo.

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anagwada pansi monga mwa ulemu wa kwa apongozi, naomba m'manja, nanena kuti ndi mwayi waukulu kuyenda ndi amama. Titalowa kuchipinda anatseka chitseko n'kundinong'oneza kuti ndikawauze amama kuti sizingatheke. Ndinawafunsa kuti mwayi waukulu uja wathela pati. Tinakangana monong'ona mpaka tinapeza njila: mlongo wanga adzawalandila amama pasiteshoni ku Lusaka pamodzi ndi nshawa ndi tambala, ndipo chikondi chidzayambila pamenepo. Amuna anga anati ndi basi yokha, tipilila.

Lachisanu tinakwela. Ana tinawasiya ndi mng'ono wanga. Amuna anga anavala jekete ndi nsapato zatsopano zosongoka kutsogolo, zimene zinkalila poyenda. Dilesi langa lobiliwila linali m'sutikesi pansi pa basi, pafupi ndi tambala. Tinapeza mpando wa anthu atatu. Amama anati pawindo sangakhale chifukwa mphepo imalowa m'bondo, ndipo m'mbali mwa kanjila sangakhale chifukwa odutsa awagunda. Anakhala pakati.

Ulendo wathu wa awili tokha unayamba chomwecho, ine kuwindo, amuna anga kukanjila, pakati pathu mayi wondibala akusenda mbatata yophika, imene kwathu timati kandolo. Tisanafike ku Minga amuna anga anayesa kupititsa dzanja kumbuyo kwa amama kuti andigwile paphewa. Amama anaona dzanja likuyendayenda, anaganiza kuti mkamwini ali ndi njala, namuikamo kandolo. Anadya. Akanatani?

Pa Nyimba basi inaima kuti anthu atsike pang'ono. Amene anadutsapo amadziwa mmene zimakhalila: basi isanaime bwino, azimayi a nthochi afika kale m'mawindo, mabeseni ali m'mwamba, aliyense akuitana. Amama anasuzumila nanena kuti nthochi za pawindo iwo sadya, amazipsetsa mokakamiza. Ankafuna zifupizifupi zonenepa zija, ndipo anaziona tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo. Mkamwini wabwino anavula jekete, naliika pampando, natsika. Ine ndinawatsatila chifukwa ndimawadziwa. Munthu amene amaphunzitsa alimi kulima nthochi sadziwa kugula nthochi. Amagula zimene wogulitsa wamumwetulila.

Tinasankha, tinakangana pang'ono, tinagula mkoko wabwino ndithu. Pobwelela tinapeza malole akuluakulu atandandana mumsewu, akudutsa mmodzimmodzi mwaulesi. Apo amuna anga anachita chinthu chimene anali asanachitepo pagulu chikwatilane: anandigwila dzanja. Anati pafoni analemba kuti tizitelo. Tinaima choncho m'fumbi la Ogasiti, dzanja m'dzanja, nthochi kudzanja linalo, kudikila kuti malole athe. Lomaliza litadutsa, tinaona malo pomwe panali basi yathu. Basiyo tinaiona kumbuyo kokha, ikukwela kamtunda kolowela ku Lusaka.

Amuna anga anathamanga. Sindidzaiwala. Bambo wa ana atatu, wogwila nchito m'boma, nsapato zosongoka zikulila, mkoko wa nthochi uli m'manja, akukuwa Chibemba kwa basi imene sinali kumva chilankhulo chilichonse. Azimayi a nthochi anasiya malonda n'kumaonelela. Atabwelako akupuma mwaphuma, mmodzi anawafunsa mwaulemu ngati angafune zina zoonjezela poti tsopano ali ndi nthawi.

Matikiti, pomwe panali nambala ya kondakitala, anali m'jekete. Jekete linali m'basi. Tinatsala ndi kachikwama kanga ka m'manja, foni yawo, ndi kachikwama kawo ka m'thumba la buluku. Tinatuma foni kwa amama. Kafoni kawo amakamanga pamfundo ya chitenge, ndipo kuti akamve, akamasule, akapeze batani, pamafunika chisomo. Kanalila osayankhidwa mpaka tinatopa. Ndinauza mlongo wanga kuti akadikile pasiteshoni ndithu, chifukwa katundu yense akubwela, kupatula eni ake.

Amama anayankha basi itafika pa mlatho wa Luangwa. Mawu awo anali a munthu amene wagona bwino. Ndinawafunsa ngati sanaone kuti palibe munthu kumanja kwawo ndi kumanzele kwawo.

"Ndinaona," anatelo. "Kondakitala anafunsa ngati tonse tilimo. Ine ndinati mwina mwakhala kumbuyo kuti mulankhulane zanu. Si mwati ndi ulendo wa awili?"

Ndinafunsa kuti nanga atazindikila kuti sitilimo, bwanji sanaimitse basi. Anati pofika nthawiyo anali atatambasula kale mwendo pamipando yathu, ndipo bondo linali lisanamvepo bwino chotelo chaka chonse. Anaonjeza kuti akugula nsomba zouma, ndipo nthochi zija tidye ife, zisaonongeke.

Amuna anga sanafune kugonja. Anaima m'mbali mwa msewu kuimitsa basi iliyonse yochokela ku Chipata, koma linali Lachisanu la tchuthi, ndipo zonse zinali zodzaza. Dalaivala wina wa lole anati ali ndi malo a munthu mmodzi, nandiyang'ana ine. Dzuwa litapendeka, nsapato zatsopano zinali zitawatupitsa zithendene, ndipo a kuhotela ya ku Lusaka anatuma uthenga kuti poti sitinatsimikize, chipinda apatsa ena. Abakha athu a mathaulo anagona ndi anthu ena.

Ndinawapeza atakhala pamwala, nsapato imodzi ili m'manja. Anandimvetsa chisoni, ngakhale sindinawauze. Ndinati mlendo wa kutchalitchi uja ananena kuti tipite kumzinda, sanatchule dzina. Nyimba ili ndi msika, malo omwetsela mafuta, ndi chipatala. Kwa munthu wobadwila ku Nyampande, umenewo ndi mzinda.

Tinapeza nyumba ya alendo kuseli kwa msika. Mayi wolandila alendo anatiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi: mwamuna wotsimphina wopanda jekete, mkazi wa fumbi m'tsitsi, opanda sutikesi, atanyamula nthochi. Anafunsa ngati tikufuna chipinda cha kanthawi kochepa kapena chogona. Amuna anga anafufuma. Anamuuza kuti awa ndi akazi awo a ukwati wa m'tchalitchi, amai a ana awo.

"Onse amatelo, bambo," anayankha mayiyo, natipatsa kiyi.

M'chipindamo munali bedi, neti ya udzudzu, ndowa ya madzi ndi thaulo limodzi. Thaulolo silinapindidwe ngati mbalame iliyonse. Linali litangopachikidwa pamsomali, louma gwa, ngati chikopa cha mbuzi.

Chakumadzulo tinapita pakanyumba kodyela pafupi ndi msewu, tinaitanitsa machipisi ndi nyama yambuzi yootcha. Tisanayambe kudya magetsi anazima, ndipo mwini malo anabweletsa kandulo woimika m'botolo la chakumwa. Amuna anga anandiyang'ana ngati munthu amene pulani yake yayenda. Anati tsopano tiyang'anane m'maso. Tinayang'anana. Ndinapeza kuti nsidze zawo zayamba imvi, chinthu chimene ndinali ndisanachione. Iwo, atandiyang'ana nthawi yaitali, anafunsa ngati ndinauza mng'ono wanga kuti mwana wathu wamng'ono uja samwa mankhwala a chifuwa popanda shuga.

Tinapangana kuti za ana tisakambe. Za sukulu ayi, za feteleza ayi, za bondo la amama ayi. Titachotsa zimenezo panatsala phokoso la malole ndi kutafuna. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mlendo uja ndi akazi ake nawonso amangokhala chete kuhotelako, kusiyana kwake n'kwakuti mipando yawo ndi yofewa.

Kenako amuna anga analoza kumsewu ndi fupa la mbuzi. Anati tsiku limene ankabwela koyamba kuno kum'mawa, ali mnyamata wongomaliza kumene maphunzilo, basi inaimanso pompano. Anatsika, azimayi anamuzungulila akulankhula Chinsenga, iye osamva ngakhale liwu limodzi. Anagula nthochi chifukwa cha manyazi okha, nakaima kuseli kwa basi n'kulila. Anati akanakhala ndi ndalama yobwelelela akanakwela basi yopita ku Lusaka tsiku lomwelo, osadzapondanso kuno. Zaka zonsezi ndinali kugona pambali pa munthuyu, ndikumudziwa ngati wodziwa zonse, wosasowa yankho ngakhale pa zimene sanafunsidwe, ndipo nkhani imeneyi ndinali ndisanaimve. Ndinafunsa kuti nthochizo anadya. Anati anadya zonse, akulila. Ndinaseka mpaka kutsamwa, iwonso anaseka, ndipo kuchoka apo nkhani zinabwela zokha.

Loweluka ndinadzuka dzuwa lili pamwamba, popanda wogogoda. Chakudya cha pabedi chinalipo: nthochi. Poti zovala zathu zinali ku Lusaka, tinapita pa salaula, pogulitsila zovala zogwilitsidwa kale nchito. Iwo anandisankhila dilesi lofiila lofika m'mawondo, lamtundu umene mphunzitsi savala kwawo, ndi chipewa chachikulu cha dzuwa. Ine ndinawagulila mapatapata. Tinayenda pang'onopang'ono kutsika kumadimba a m'mbali mwa mtsinje. Kumeneko chikondi chinapumako kaye, chifukwa amuna anga anaona masamba a nthochi achikasu m'dimba la bambo wina, ndipo nchito inawagwila. Anamufotokozela mwini dimba za matenda a nthochi kwa nthawi yaitali, bamboyo akungovomela mwaulemu ngati munthu wogwidwa ndi mvula pakhonde la eni. Ine ndinakhala pamthunzi, mapazi m'mchenga wozizila, wopanda chophika, wopanda chochapa, wopanda wondiitana. Masitepe oyenda okha sindinawakumbuke n'komwe.

Lamulungu tinakwela minibasi kubwelela ku Petauke. Sutikesi inatipeza patapita masiku, dilesi lobiliwila lili chipindile, likununkha tambala. Mlongo wanga ndi amene anazungulila Lusaka kupeleka nshawa ndi foni yosweka, ndipo mpaka lelo akandiona amayamba ndi nkhani imeneyo.

Sabata yomweyo, madzulo ena nditangoweluka, kunabwela azimayi awili a m'chigwilizano cha kutchalitchi. Nkhope zawo zinali za kumalilo. Anakana mipando, anakhala pamphasa, napempha kuti tiyambe ndi pemphelo. Pemphelolo linali lopempha Mulungu kuti andipatse mphamvu. Nditatsegula maso ndinafunsa kuti wamwalila ndani.

Wamkuluyo anati palibe, koma pali zinthu zimene mkazi ayenela kuzimva kwa anzake, osati pamsika. Mlamu wake, amene amagula nthochi ku Nyimba, anaona amuna anga Loweluka akutuluka m'nyumba ya alendo. Sanali okha. Pomwe ine ndinali ku Lusaka kuvutika ndi amama kuchipatala, iwo anatsika panjila n'kukagona ndi mkazi wa dilesi lofiila ndi chipewa. Ankayenda atagwilana manja masana dzuwa likuswa mtengo, akuseka, ndipo pena bamboyo anasenda nthochi n'kumudyetsa mkaziyo pakamwa.

Ndinawauza kuti mkaziyo ndine.

Anayang'anana. Wamng'onoyo anandigwila dzanja nanena kuti ndili ndi mtima wabwino, si akazi onse amene angaphimbe mwamuna chotele. Ndinafotokoza za basi, za malole, za bondo la amama. Ankagwedeza mitu mwachifundo. Wamkuluyo anandifunsa modekha kuti ndiganize bwino: ndi mwamuna uti amene amadyetsa nthochi mkazi wake wa m'nyumba? Ndinalowa kuchipinda, ndinatulutsa dilesi lofiila lija, ndinalitambasula pamaso pawo. Wamng'onoyo anaika dzanja pakamwa.

"Mpaka zovala zake wabwela nazo m'nyumba mwanu?"

Ndinawaphikila tiyi. Panalibenso china choti ndichite. Akumwa, wamkuluyo anafuna kunditonthoza, ndiye anandiuza kuti ndisade nkhawa kwambili, chifukwa malinga ndi mlamu wake mkaziyo si wokongola n'komwe, ndi wojintcha, ndiponso ndi wachikulile ndithu, moti anthu akudabwa kuti bambo anaonapo chiyani.

Amuna anga atamva anaseka mpaka kukhala pansi. Kwa milungu ingapo ankayenda m'tauni chifuwa chili patsogolo, chifukwa azibambo amene kale ankangowapatsa moni wamba tsopano ankawagwila chanza ndi manja awili. Ine ndinaleka kufotokoza. Lachinayi lililonse azimayi a chigwilizano ankapemphelela banja langa mosatchula dzina, ine ndili pomwepo, ndipo ndinkayankha amen pamodzi ndi onse.